Madzi a M'piyano ya kwa Zenobia

Chisanu chikatsika kuchokera kumpoto mu Januwale, kuno ku Marlow Bend munthu sauzidwa chochita. Mapaipi a panja amawakulunga nsanza. Mpopi wa kukhitchini amausiya ukudontha kuti madzi asaundane. Chomoliya amamusiya kudimba, poti chisanu ndicho chimamukometsa. Minda ya thonje imagona yakuda bii mpaka polekezera maso, mbaula za gasi zimayaka osapuma, ndipo mpweya wa m'nyumba umauma mpaka milomo kung'ambika.

Mayi Vernice Tolliver anali ndi ntchito inanso ya nyengo imeneyi. M'mawa ankagwada patsogolo pa piyano yawo, n'kukankha kachitsulo kamene kali pansi pa mano ake oyera ndi akuda aja, thabwa lakumunsi n'kutseguka. M'mimba mwa piyanoyo munkakhala mabotolo awiri a jamu. Ankawadzaza madzi n'kuwabwezera, kuti matabwa a m'katimo asaume ndi mbaula. Mmisiri wina wa ku Greenville, amene anabwera kudzakunga nsambo zake zaka zapitazo, anawaseka. Anati madzi a m'botolo sapulumutsa piyano. Iwo anamuthirira khofi, namuperekeza pakhomo, m'mawa mwake n'kugwadanso. Anawaphunzitsa zimenezi anali Zenobia, mwini wake woyamba wa piyanoyo, ndipo Zenobia sankanena chinthu kawiri.

Chaka chino kugwada kunkatheka, koma kudzuka ndiye inali nkhondo. Nthawi yotola mtedza wa pekani anagwa pakhonde, nagona pomwepo mpaka munthu wa positi anawapeza. Kuyambira tsiku limenelo Charisse, mwana wa achimwene awo, anagamula kuti Febuluwale akatha adzawatenga akakhale naye ku Memphis.

"Azakhali, chipinda chilipo, zenera lake loyang'ana kum'mawa," anatero Charisse. "Koma nyumba yanga ndi yam'mwamba, masitepe ake ndi opapatiza. Chingolo ichi sichikakwera."

"Si chingolo."

"Nanga n'chiyani? Amuna anu?"

"Amuna anga anali opepuka. Kamphepo ka ku Chicago kanangowanyamula. Iyi ndiye inatsala."

Za masitepe sanatsutse. Anali munthu wamkulu, ankadziwa kuti piyano iyenera kupita kwina. Chimene ankafuna chinali chimodzi: asanasiyane nayo, aiimbe kamodzi kokha anthu a m'tauni muno atakhala chete. Pa moyo wawo wonse zimenezo zinali zisanachitikepo.

Vernice anabadwira m'kanyumba ka m'mphepete mwa munda wa mzungu, kumene makolo ake ankalima thonje logawana ndi mwini malo. Piyano anaidziwira kutchalitchi, mapazi asanayambe kufika pansi akakhala pampando. Atakula, Loweruka lina anadutsa kuseri kwa njanji, kumene Zenobia ankagulitsa mlamba wokazinga ndi mowa, ndipo anamva bambo wina dzina lake Lucius akuimba nyimbo za jazi pa piyano. Anaima pamsewu mpaka kuiwala chimene anamutuma. Dzanja lamanzere la bamboyo linkayenda ngati munthu wosenza katundu amene akudziwa kumene akupita, phazi ili pansi, phazi ilo patsogolo, osacheuka. Lamanja linkangocheza. Linkaseka, kunama, kusiya nkhani pakati n'kuyamba ina, koma pofika pamphambano manja onse awiri ankapezana ngati anapangana.

Anayamba kumapitako mozemba. Bambo Lucius atakwera sitima ya kumpoto, monga ankachitira onse amene anali ndi luso kapena mkwiyo, mpando unatsalira iye. Loweruka kwa Zenobia, Lamulungu kutchalitchi. Zinayenda choncho mpaka Lamulungu lina dzanja lamanzere linadziiwala pakati pa nyimbo ya Mulungu, amayi a kutsogolo n'kuyamba kugwedeza zipewa. Madikoni anakhala pansi sabata yomweyo. Anamuuza kuti manja onunkha mlamba ndi mowa asadzakhudzenso piyano ya Ambuye.

Zinali zaka zimene anthu akuda anayamba kupita kukhoti kukalembetsa kuti nawonso azivota. Kwathu kuno anatsogolera zimenezo ndi Cleophus Gaither, wometa tsitsi, munthu wamfupi wa mawu otsika, amene sankatha kuimba ngakhale nyimbo yogonetsa mwana. Kukhoti ankafunsa munthu wakuda mafunso a malamulo oti ngakhale wofunsayo sakanayankha, ndiye Gaither ankafuna malo ophunzitsirapo anthu mafunsowo. Anapempha kutchalitchi, madikoni anakana. Sanalakwe kuopa. Chaka chimenecho matchalitchi ankapsa ngati mapesi a tirigu mu Juni. Koma anakana.

Atapempha malo kwa Zenobia, iye anangoti, "Abwere, bola azigula nsomba."

Ndiye sukulu ya voti inali kuseri kwa njanji, Loweruka masana dzuwa likapendeka. Tsiku loyamba Vernice anayamba nyimbo yodekha, yoyenera anthu amene akuika moyo wawo pachiswe. Gaither anabwera n'kuika dzanja pamwamba pa piyano.

"Mwanawe, usatiimbire zachisoni. Apolisi akamva yachisoni amadziwa kuti akuda akupangana. Akamva yovina amati aledzera, asiyeni. Kutinyoza kwawoko ndiye denga lathu. Imba mokweza, ngati tilibe nzeru."

Piyano anaikankhira pazenera loyang'ana kumsewu. Vernice ankaimba maso ali panja, kumbuyo kwake anthu olima ndi ochapa akubwereza mawu a malamulo. Galimoto ya apolisi ikatulukira panjanji, dzanja lamanzere linkasiya kuyenda, n'kutsikira kumawu akuluakulu a kumapeto, n'kuyamba kuthamanga. Chinali chizindikiro. Mapepala ankalowa m'mabulauzi ndi m'matumba a jekete, matebulo n'kukankhidwa, ndipo wapolisi posuzumira ankapeza nkhalamba zikuvina, manja ali mafuta a nsomba okhaokha. Ankalavula n'kumapita.

Panalibe womvetsera nyimbo. Onse ankangotchera khutu kumanzere, monga munthu amamverera galu wake wa pakhomo. Gaither yekha ankatsala anthu akabalalika, chipewa chili pabondo.

"Tsopano imba yanga," ankatero. Nyimbo ikatha ankati: "Ukudziwa, lamanjalo ndi ife olankhula. Timakongoletsa. Koma ukachotsa lamanzere, nyimbo imagwa chagada. Amenewo ndi anthu oyenda pansi."

M'chilimwe china gulu la oimba linadutsa m'tauni muno pa ulendo wa ku St. Louis. Mkulu wawo anamva Vernice, namuuza kuti m'galimoto muli malo. Vernice anapita kukauza Gaither kumalo ake ometera. Gaither anapitiriza kunola lumo.

"Pita, ine sindikuletsa. Uli ndi manja oti anthu akuvulire zipewa. Koma Loweruka pazenera paja adzakhalapo ndani?"

Galimoto inapita, Vernice anatsala. Chaka chotsatira mwamuna wake nayenso anapita, yekha.

Voti inabwera, anthu anavota. Koma azungu olemba ntchito anali atayamba kale kufunsa amuna kuti tsitsi ameta kwa yani, ndipo mpando wa Gaither unazizira. Mantha atatha, anthu anali atazolowera wometa wina. Anamwalirira m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mlongo wake, mu Ogasiti, thonje likuphulika m'minda, anthu ali otangwanika. Pa maliro panali malo ambiri okhala. Patapita zaka, a khonsolo anapatsa msewu dzina lake, uja wa maenje wopita kumalo otayira zinyalala, ndipo tchalitchi chomwe chija chinayamba kuchita chikumbutso chake chaka ndi chaka.

Kwa Zenobia denga linagwa mwini wake atatsikira kuli chete. Amuna ena anakweza piyano pa ngolo ya thonje n'kukaitula kwa Vernice. Iye anali atalowa ntchito kufakitale yotumbula milamba, kumene manja amakhala m'madzi ozizira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Anatulukako ali Mayi Vernice, zala zitapindika ngati mizu ya chinangwa. Komabe madzulo alionse ankaimba. Ankamva ndi makoma.

Dikoni Harlan Mabry anabwera Lachiwiri lina udzu uli mbuu ndi chisanu. Ndiye anali wapampando wa komiti ya chikumbutso. Bambo ake ndiwo anatsogolera madikoni aja amene anatsitsa Vernice pampando ndi kukaniza Gaither malo. Anavula chipewa, nakhala asanauzidwe.

"Achemwali, tamva kuti mukutithawa."

"Miimba yafika kale? Ndikadali wofunda, Harlan."

"Musatero. Piyano iyi ndi mbiri ya tonsefe. Ikawolere m'galaja ku Memphis? Tipatseni tikaiike muholo ya tchalitchi, poyera, ana aziiona."

"Aziiona."

"Eya."

"Piyano saiona, Harlan. Si mtembo." Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ukukumbuka mmene inkakhalira pazenera paja?"

"Ine kwa Zenobia sindinapondeko. Mukudziwa bambo anga anali ndani."

"Ndikudziwa. Ndikudziwanso mnyamata wa ndevu zongomera amene ankakhala kuseri kwa chitseko, pepala lili m'jekete, mlamba akudya ngati wakuba."

"Munaona wina."

"Maso awa ankasunga anthu odzaza nyumba. Lero ukuti ankanama?"

Dikoni anaseka, natembenuza chipewa m'manja. Mayi Vernice anayang'ana piyano. Pamwamba pake panali zipsera za ndudu za anthu amene onse anali atagona kumanda.

"Itengeni. Koma pa tsikulo ndiimbe. Osati za m'buku la nyimbo ayi. Ndiimbe mmene ndinkaimbira, anthu atakhala chete, asanagwire mbale."

"Zazing'ono zimenezo, achemwali. Ndikulembani pa pulogalamu ndi dzanja langali."

Dikoni ndi anyamata ake anadzaitenga tsiku limene Charisse anaperekeza Mayi Vernice kuchipatala. Pobwera anapeza matabwa a pansi ali oyera pamene inkakhala, ndipo pakhonde mabotolo awiri aja atawavundikira bwinobwino, opanda madzi. Anaimba foni.

"Harlan, mwasiya mabotolo."

"Anyamata anati madzi angatayikire m'galimoto. Musadandaule, achemwali. Muholo tinaikamo makina atsopano otenthetsa, amayaka usana ndi usiku. Piyano yanu simva chisanu ngakhale pang'ono."

Anafuna kufotokoza, koma Dikoni anali akulankhula kale ndi munthu wina. Masabata otsatirawo ankaviika manja m'madzi ofunda m'mawa, n'kumaimba pa tebulo la kukhitchini kuti zala zisaiwale njira. Tebulo linkangoti gu, gu.

Tsiku la chikumbutso linafika atsekwe oyera atayamba kubwerera kumpoto, timaluwa tachikasu titatuluka m'mbali mwa ngalande, koma mphepo ikulumabe. Muholo munali motentha ngati mu uvuni. Piyano anali ataipukuta mpaka kunyezimira, zipsera za ndudu ataziphimba ndi nsalu yoluka, ataizunguliza chingwe chofiira. Pakhoma panali kachikwangwani kamkuwa. Charisse anawawerengera: piyano imene inkatsogolera nyimbo zauzimu pa misonkhano ya ufulu. Dzina la Zenobia panalibe.

"Nyimbo zauzimu," anatero Mayi Vernice. "Mizimu yake inali ya m'mabotolo."

"Azakhali, anthu akumva."

"Lingakhale tsiku loyamba."

Anawakhazika kutsogolo, atavala diresi lawo lobiriwira. Analankhula a meya. Analankhula mkulu wa kubanki. Analankhula mlendo wa ndale wochokera ku Jackson, amene ankatchula Gaither kuti m'busa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chikhalirecho Gaither anali munthu woti akalowa m'tchalitchi ankayamba kusinza nyimbo yoyamba isanathe. Anati makoma a tchalitchi ichi akanakhala ndi pakamwa akananena zambiri. Anthu anavomera kuti ameni. Kwaya inaimba, mlendo wina anapemphedwa kuti angopereka moni, moniyo n'kukhala ulaliki. Fungo la nkhuku yokazinga ndi buledi wachimanga linadzaza holo, amayi a kukhitchini ataima pakhomo manja ali m'chiuno.

Dikoni Mabry anabwera chowerama.

"Achemwali, nthawi yatithera. Alendo a ku Jackson ali ndi ulendo. Muziimba anthu akudya. Zikhala bwino, nyimbo zanu zija zimayendera limodzi ndi chakudya."

"Unalonjeza, Harlan."

"Nanga simukuimba? Mukuimbatu. Kungoti muchepetseko kumanzereko, anthu azimvana."

Charisse anawagwira mkono. "Azakhali, tiyeni tizipita. Ndikukagulirani nsomba panjira."

Iwo anayang'ana piyano. Lolemba adzakhala ali ku Memphis. Anaimirira, Dikoni n'kuwamasulira chingwe.

Atangoika manja anadziwa. Mawu ake anali ataonda. M'katimo china chake chinkalira ngati mavu otsekeredwa m'chitini, ndipo dzino limodzi la pakati linkati likalowa osabwereranso. Analizemba monga anthu amazembera maenje pa msewu wa Gaither. Dzanja lamanzere linanyamuka, lolemera, lotsimphina pang'ono, koma likudziwa kumene likupita. Lamanja linayamba kucheza. Linanena za thonje la mu Okutobala, za galimoto ya ku St. Louis ikuzimirira m'fumbi, za chipewa chili pabondo. Linasiya mpata pamene bambo Lucius ankasiya mpata, mpatawo n'kudzaza ndi kulira kwa mafoloko.

Kumbuyo kwawo mipando inkakokedwa. Wina ankafunsa ngati mbatata zilipobe. A meya ankaseka nthabwala ya mkulu wa kubanki. Mayi wina anaika kapu yake ya tiyi pamwamba pa piyano kuti akonze mpango, nati, "Koma ndiye mumatha, agogo," asanamve chilichonse, n'kupita kukaima pamzere.

Mayi Vernice anakweza maso. Patsogolo pawo panali khoma ndi kachikwangwani, zenera linali kumbali. Sanaganize. Dzanja lamanzere linasiya kuyenda, linatsikira kumawu akuluakulu a kumapeto, n'kuyamba kuthamanga.

Holo yonse inapitiriza kutafuna. Koma pafupi ndi tebulo la alendo, Dikoni Harlan Mabry anauma pomwe anaima. Mutu unatembenukira kuzenera. Dzanja linalowa m'thumba la m'kati mwa jekete, mbale n'kupendekeka, msuzi kutsikira pa nsapato. Anakhala choncho kamphindi, nkhalamba ya imvi ikuyang'ana msewu wopanda kanthu. Kenako anacheuka, maso awo n'kukumana.

Mayi Vernice anabweza dzanja panjira yake, namaliza nyimbo pang'onopang'ono. Awiri atatu anaomba m'manja, ena anangomenya pantchafu poti dzanja lina linali ndi nkhuku. Dikoni anabwera akupukuta nsapato ndi kapepala. Anachotsa kapu ija, natseka chivundikiro cha mano a piyano, natulutsa m'thumba loko watsopano.

"Wamva," anatero Mayi Vernice chapansipansi.

"Ndamva chiyani? Mbale inali yotentha."

Loko analira. Dikoni anawathandiza kuimirira mwaulemu, nabwezera chingwe chofiira m'malo mwake.

Lolemba kunacha ndi chisanu china, chija chimabwera maluwa atatuluka kale n'kuwapsereza. Katundu yense anakwana m'galimoto ya Charisse. Mayi Vernice anatuluka m'nyumba pomalizira, atanyamula mabotolo awiri odzaza madzi a pampopi wawo, atawatseka ndi zivundikiro. Anakhala nawo pamiyendo.

"Azakhali, ku Memphis madzi aliko."

"Uime patchalitchi."

"Mukakangane nawonso? Ine lero ndilibe mphamvu zoleretsa nkhalamba."

"Uime basi. Usazimitse galimoto."

Charisse anawayang'ana, nayang'ana mabotolo. Atafika patchalitchi anazimitsa galimoto n'kutsika nawo.

Khomo la kumbali linali lotsegula, wina akusesa m'chipinda china. Muholo munalibe munthu. Mipando inali itasanjikizidwa, makina otenthetsa akuuzira mpweya wouma pa piyano. Charisse anakweza chingwe, iwo n'kudutsa pansi pake. Loko uja ankagwira chivundikiro cha pamwamba chokha. Mayi Vernice anagwira m'mphepete mwa piyano, natsitsa bondo limodzi, kenako linalo. Zala zinafufuza kachitsulo, thabwa lakumunsi n'kutseguka. Anamasula zivundikiro, naika botolo lina kumanja, lina kumanzere, pamene panali zizindikiro zake zakale m'fumbi. Anabwezera thabwa, nalikankha ndi chikhato mpaka kachitsulo kanagwira.